Mawanga oyera, mizere yotsekeka: kuthana ndi vuto la inki podinda ndi lino

Mwatha masiku awiri mukusema lino (linoleum, chimphasa chokhuthala chimene amasemapo chithunzi kuti achidinde pa pepala), zala zachita kutupa. Mwapaka inki, mwayala pepala, mwatikita mpaka thukuta. Tsopano mukunyamula pepala kuyambira pakona, mtima uli m'mwamba, ndiye mukupeza kuti malo amene amayenera kuda bii ali ndi timawanga toyera mbwee, ngati wina wawazapo mchenga. Mukuti inki yachepa, mukuwonjezera. Chachiwiri chada ndithu, koma timizere tonse timene munavutika nato tatsekeka, nkhope imene munasema yasanduka chithaphwi. Mukuchepetsa inki, mawanga aja abwerera. Dzuwa likulowa mapepala khumi ali m'bini.

Mu situdiyo iliyonse yophunzitsa kudinda zithunzi, vuto ili ndi limene limabwera sabata ndi sabata. Limakakamira chifukwa wophunzira amaganiza za inki yokha, pomwe chithunzi chimatuluka bwino zinthu zinayi zikagwirizana: nkhope ya lino, inki, pepala ndi mphamvu yopanikizira. Chimodzi chikalakwika, chizindikiro chake chimafanana ndi cha zinzake, nchifukwa chake anthu amathira mankhwala pa bala lolakwika.

Yambani mwayang'ana lino, osati pepala

Mukangochotsa pepala, maso amathamangira pa chithunzi. Dikirani kaye. Yang'anani lino pamalo enieni amene pepala latuluka ndi mawanga. Ngati lino likadali lonyezimira, inki yambiri yatsalira pomwepo, ndiye kuti inki inalipo yokwanira koma sinasamuke. Apa wolakwa ndi pepala kapena kupanikiza kwanu, ndipo kuwonjezera inki ndi kungowononga. Ngati lino lauma gwaa, mtundu wake weniweni ukuonekera, pepala latenga yonse imene inalipo ndipo sinakwane. Apo mpomwe tingakambe za inki.

Onaninso kumene mawangawo ali. Akamwazikana ponseponse mofanana, ganizirani pepala lokhakhala kapena inki yochepa. Akakhala pakati pokha, m'mbali muli bwino, ganizirani rola (chogubuduza cha raba chopakira inki) yopindika kapena dzanja limene silinafike pakati. Akamabwera malo amodzimodzi pa chithunzi chilichonse, vuto lili pa lino lenilenilo: pali dzenje, mafuta kapena kachitsotso. Kuyang'ana kumeneku sikutenga mphindi imodzi, koma kumachepetsa zokayikira zanu ndi theka.

Inki: khutu limadziwa msanga kuposa diso

Apa ndikhalitsapo, chifukwa mpomwe ambiri amagwera.

Inki yodindira si penti. Penti ya akiliriki imauma pa rola musanafike n'komwe pa lino, ndipo ilibe ulimbo umene umakoka pepala. Inki yeniyeni ili mitundu iwiri ikuluikulu. Yamadzi imauma m'mphindi zochepa, imatsukika mosavuta, koma kukatentha kapena mphepo ikamawomba imayamba kuuma pomwepo pa galasi loyalirapo inki, ndipo chithunzi chachitatu chimatuluka ndi mawanga ngakhale choyamba chinali bwino. Yamafuta imakupatsani nthawi yokwanira, imada mokongola, koma imafuna masiku kuti iume. Palinso yamafuta yotsukika ndi sopo ndi madzi, imene ine ndimailangiza kwa oyamba kumene. Ngati mukugwiritsa ntchito yamadzi ndipo mawanga akuchuluka pamene ntchito ikupita, musafufuzenso kwina: palani galasi, tsukani rola, finyani inki yatsopano yochepa, ndipo musasiye lino lopakidwa likudikira pamene mukufunafuna pepala. Pepala lizikhala lokonzeka musanagwire rola.

Inki yamafuta ikangotuluka mu chubu kapena mu chitini imakhala yolimba, makamaka m'chipinda chozizira. Muikande kaye ndi mpeni wosakanizira pa galasi, kuipala ndi kuifinya mobwereza kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, mpaka ifewe. Ikakana, onjezani dontho limodzi la mafuta a linseed ofewetsera inki. Dontho limodzi, ndatero. Awiri aja amaisandutsa yoterera, rola n'kumangotsetsereka osazungulira. Ikafewa mopitirira, ufa wa magnesium carbonate pang'ono umaibweza.

Kenako musagubuduze rola pa mulu wonse wa inki. Mulu ukhale pambali. Tengani kachidutswa ndi mpeni, kukula ngati nsonga ya chala chaching'ono, mukoke kamzere kotalika ngati rola yanu, ndiye muyambe kuyala. Kabwalo kamene mukuyalapo kasakule. Kangopitirira pang'ono m'lifupi mwa rola. Ndipo pali kachinthu kamene ophunzira ambiri sauzidwa: mukafika kumapeto, nyamulani rola kuti izungulire yokha m'malere musanaiikenso. Mukamangoikankha ndi kuibweza osainyamula, mbali imodzimodzi ya rola imagwera pamalo amodzimodzi, ndipo inki siyalika, imangopanga mikwingwirima.

Tsopano tcherani khutu. Inki yochuluka imalira mokweza, kuti tchwa tchwa tchwa, ngati phazi likuzuka m'matope, ndipo mukayang'ana galasi muona timinga ta inki titaimirira. Imeneyo idzatseka mizere yanu. Inki yokwanira imangonong'ona, kuti sss, ndipo pamwamba pake pamaoneka timinga tating'ono kwambiri, tofanana, tonyezimira pang'ono. Yochepa silira n'komwe, galasi limaonekera pansi. Mukalimva kamodzi phokoso loyeneralo simudzaliiwala, ndipo mudzatha kudziwa kuti mnzanu wachulutsa inki muli mbali ina ya chipinda.

Chinsinsi cha kuda bii kopanda kutseka mizere ndi ichi: inki yopyapyala, yopakidwa kangapo. Gubuduzani pa galasi, pakani pa lino, bwererani pa galasi, pakaninso mopingasa, katatu kapena kanayi. Musakanikize rola, kulemera kwa dzanja lokha n'kokwanira. Mukatha, nyamulani lino mulipendeke molunjika kuwala. Pamene pali mbuu osanyezimira, pamenepo padzatuluka mawanga.

Rola nayo imalakwa. Igoneke pa galasi loyera, muweramire muone ngati kuwala kukudutsa pansi pake. Kukadutsa pakati, rolayo yapindika ndipo sidzapaka mofanana ngakhale mutachita bwanji. Rola imene inasiyidwa itagonera raba wake kwa milungu imaphwatalala mbali imodzi, n'kumasiya mzere woyera pa kuzungulira kulikonse. Muziisiya chagada kapena muziipachika. Ngati n'kotheka, rola ikhale yotambalala kuposa lino lanu, chifukwa yaing'ono imasiya mizere m'mphepete mwake.

Lino lenilenilo

Lino silinapangidwire ojambula. Frederick Walton analipanga ku England m'zaka za m'ma 1860 ngati choyala pansi m'nyumba, kuchokera ku mafuta a linseed owumitsidwa, ufa wa khungwa la mtengo wa cork ndi wa matabwa, ndi utomoni, zonse zitamatidwa pa chiguduli cha jute. Kudziwa zimenezi kumathandiza. Mafuta aja amapitiriza kuuma chaka ndi chaka, choncho lino lakale limalimba, limanyenyeka posema, ndipo m'mphepete mwa mizere mumakhala manomano. Latsopano limapindika mosavuta ndipo limamveka fungo la mafuta. Lozizira limalimbanso, liikeni padzuwa pang'ono kapena mulitenthetse ndi chowumitsira tsitsi musanaseme.

Lino latsopano limabwera ndi kachikuto kosalala pamwamba, ndipo zala zathu zimawonjezerapo mafuta masiku onse amene tikusema. Inki, makamaka yamadzi, imathawa pamalo otero, imadzikundika timadontho. Mankhwala ake ndi osavuta: musanayambe kusema, kwechani pamwamba ponse ndi sandipepa wosalala, wa nambala 400 kapena 600, mozungulira, mopepuka. Mukatha kusema, pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono ndi sopo, kapena ndi spiriti. Musaliviike m'madzi. Chiguduli cha kumbuyo chikanyowa, lino limapindika ngati uta, ndipo lino lopindika silidindika mofanana.

Musadabwenso ngati zithunzi ziwiri kapena zitatu zoyamba zatuluka zotuwa. Lino latsopano limamwa inki yoyambayo, thabwa, kwa odinda ndi thabwa, ndiye limamwa koposa. Dindani zoyambazo pa mapepala otchipa, muone kuti chachinayi chada chokha popanda kuwonjezera kanthu. Ineyo, ndili wophunzira, ndinkachita mantha ndi chithunzi choyamba chotuwa n'kuthira inki yambiri, ndiye pofika chachisanu zonse zinali zitamira. Ndinachita zimenezi kwa miyezi, ndikumanamizira inki kuti ndi yoipa.

Pali mtundu wina wa banga umene ndi wosavuta kuuzindikira: kadontho kakuda pakati, kozunguliridwa ndi kamphete koyera. Kameneko ndi kachitsotso, kanyenyeswa ka lino, ulusi wa chiguduli kapena kakhungu ka inki youma, kamene kanyamula pepala kuti lisakhudze pozungulira. Kafufuzeni pa lino ndi pa rola, mukachotse ndi nsonga ya mpeni, mupakenso. Kuti zisabwerere, sasani lino ndi burashi mukatha kusema, dulani ulusi wa m'mbali ndi sizasi, ndipo musasemere pa tebulo limene mukudindirapo.

Pepala

Ambiri amaganiza kuti pepala lokhuthala ndiye labwino. Podinda ndi manja si choncho. Pepala lojambulira ndi penti yamadzi lili ndi timaenje, ndipo dzanja la munthu silingalikanikize mpaka timaenje tonse tikhudze inki. Kulemera kwa pepala kumayezedwa m'magalamu pa sikweya mita. La thonje la magalamu 250 limafuna makina. Lotikita ndi manja likhale losalala ndi lopyapyala, losafika magalamu 100. Mapepala a ku Japan opangidwa ndi ulusi wa khungwa la mtengo wotchedwa kozo ndi opyapyala kuposa pamenepo koma ndi olimba, ndipo inki imaonekera kumbuyo pamene mukutikita, ndiye mumadziwa pamene mwadumpha.

Ngati muli ndi lokhuthala lokha ndipo inki yanu ndi yamafuta, lipatseni chinyezi. Wazani madzi pang'ono mbali zonse, sanjikizani mapepalawo, muwaike m'pulasitiki pansi pa chinthu cholemera kwa maola angapo. Podinda likhale lozizira mukaligwira, koma lisanyezimire madzi. Ndi inki yamadzi musayese, mizere imasungunuka.

Kupanikiza

Chikhatho chokha sichikwanira. Mphamvu yake imamwazikana pamalo aakulu, nchifukwa chake supuni, imene imakhudza kadera kakang'ono, imadinda bwino kuposa dzanja lonse. A ku Japan ali ndi chida chawo chotchedwa baren, chozungulira chophwatalala, chimene mkati mwake muli chingwe chopota chozengedwa ndipo kunja n'chokutidwa ndi khungu la nsungwi. Timfundo ta chingwecho ndi timene timagwira ntchito ya supuni zambirimbiri nthawi imodzi. Njira yabwino ndi kuyamba ndi baren kapena chikhatho kuti pepala limatirire, kenako kumaliza ndi kumbuyo kwa supuni, timabwalo ting'onoting'ono, mzere ndi mzere, osadumpha. Imirirani potikita kuti thupi lithandize, ndipo tebulo likhale lolimba, losagwedera. Pepala likakhala lopyapyala kwambiri, ikani lina losalala pamwamba kuti supuni isaling'ambe.

Ndipo musachotse pepala lonse nthawi imodzi. Gwirani mbali imodzi ndi dzanja kuti isasunthe, nyamulani kona musuzumire. Mukaona mawanga, bwezani, tikitaninso. Mutha ngakhale kupakanso inki pang'ono pa mbali yotsegulayo, bola theka linalo likhale lomatirirabe. Malo aakulu akuda ndi amene amavuta kwambiri, amafuna nthawi yowirikiza poyerekeza ndi malo a mizere.

Pa makina a rola ziwiri, aja odindira zithunzi zogobedwa pa zitsulo, vuto limakhala lina. Lino ndi lokhuthala, ndiye rola ya makina imaligunda pakamwa n'kulikankha. Ikani timizere ta lino kapena ta thabwa tokhuthala mofanana nalo mbali zonse ziwiri, kuti rola iyende pa msinkhu umodzi. Zomangira ziwiri za pamwamba zimangidwe mofanana. Mbali imodzi ya chithunzi ikamatuwa nthawi zonse, mbali imeneyo ndi yomasuka. Onjezani mphamvu pang'onopang'ono. Mukatembenuza pepala n'kupeza lino ladindikira mozama kumbuyo, mwapitirira.

Mizere ikamatsekeka

Kawirikawiri ndi inki yochuluka, taona kale. Chizindikiro chake china ndi kamzere kokhuthala ka inki m'mphepete mwa chilichonse, kamene mutha kukamva ndi chala chithunzi chikauma. Koma ngati inki ikunong'ona bwino ndipo mizere ikutsekekabe, onani kuya kwake. Mzere wongokanda pamwamba umadzaza pa chithunzi chachitatu. Chosemera chobuntha ndicho chimachititsa: chimatsetsereka m'malo molowa, ndipo chimakukakamizani kukankha mwamphamvu, komwe ndi kumene anthu amadzicheka. Nolani zosemera, zipukuteni pa chikopa pafupipafupi, ndipo dzanja logwira lino lizikhala kumbuyo kwa mpeni nthawi zonse.

Rola yofewa kwambiri imalowa m'maenje n'kupaka pansi pamene munagoba. Timizere timeneto ena amatikonda, ine ndemwe, chifukwa timasonyeza kuti chinthucho chinasemedwa ndi dzanja. Koma tikhalepo chifukwa mwafuna. Ngati simukutifuna, gobani mozama, gwiritsani rola yolimbirapo, kapena dulani pepala lophimba malo amenewo musanayale lodindapo. Mizere ikadzaza pakati pa ntchito, dindani kawiri kapena katatu pa nyuzipepala osapaka inki, imachoka yokha.

Chithunzi chooneka pawiri, ndi mitundu yophonyana

Mthunzi m'mbali mwa mizere umatanthauza kuti pepala linasuntha litakhudza kale inki. Liikeni kamodzi, mbali imodzi iyambe kugwa kenako inayo itsatire, ndipo musalikonzenso. Lino nalo lisaterere: limateni pa katoni.

Mukayamba mitundu iwiri kapena itatu, kuyerekeza ndi maso kumatha ntchito. Odinda a ku Japan amasema timipata tiwiri pa thabwa lenilenilo, kena pakona kena m'mbali, totchedwa kento, ndipo pepala lililonse limagwera momwemo. Inu mutha kuchita zofanana ndi katoni: dulani dzenje lokwana lino ndendende, matani timakatoni tiwiri tosonyeza pogwera kona ndi mbali ya pepala. Mapepala onse adulidwe ndi kona yowongoka, ndipo kona yomweyo ndiyo izilowa nthawi zonse. Ilembeni kadontho ka pensulo kumbuyo.

Izi zimafunika koposa pa njira ija yosema lino limodzi mobwereza, kudinda mtundu woyamba, kusemanso, kudinda wachiwiri pamwamba pake. Picasso anaigwiritsa ntchito kwambiri kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ku Vallauris, ku France, pamodzi ndi wodinda Hidalgo Arnéra. Kukoma kwake n'kwakuti mitundu imagwirizana mosavuta poti lino ndi limodzi, koma kuwawa kwake n'kwakuti simungabwerere m'mbuyo. Mukafuna zithunzi 10 zabwino, yambani ndi 15.

Pa njira imeneyi mawanga amabweranso mwa mtundu wina. Mtundu wachiwiri umakana kugwira pa woyamba, kapena umatuluka wonyezimira ngati pulasitiki. Chifukwa chake ndi chakuti woyamba unali wokhuthala, unatseka pepala, ndiye wachiwiri ulibe pogwira. Mtundu woyamba uzikhala wopyapyala kuposa mmene mtima ukufunira. Mukangodinda, mutha kuyala nyuzipepala yopanda zolemba pamwamba n'kusisita pang'ono kuti ichotse inki yotsalira. Dikirani mpaka chala chisamatirire musanadinde wotsatira.

Inki yamafuta imauma pokumana ndi mpweya, osati ndi kutentha kokha, choncho zithunzi zounjikidwa pamodzi zimatha milungu zili zonata. Zipachikeni kapena muziyale motalikirana. Mitundu yosanjikizana imachedwa kuposa umodzi. Kuuma komweku kumatulutsa kutentha, ndipo sanza zonyowa ndi mafuta a linseed zikaunjikidwa zimatha kuyaka zokha. Musazisiye mulu pakona. Ziikeni m'chitini chachitsulo chotseka, kapena muziyanike chimodzichimodzi panja.

Zikakanikabe

Tengani kachidutswa ka lino kosasema, kokula ngati chikhatho, mucheke timizere tingapo, ina yozama ina yosazama, n'kusiya theka lopanda kanthu. Dulani mapepala asanu ndi limodzi a mtundu umodzi. Dindani loyamba mmene mumachitira masiku onse. Pa lachiwiri musasinthe inki, ingotikitani nthawi yowirikiza. Pa lachitatu bwererani ku kutikita kwa masiku onse, koma pakani inki kamodzi kowonjezera. Pa lachinayi sinthani pepala lokha, muike losalala lopyapyala. Awiri otsalawo ndi oyesera zimene zaoneka kuti zathandiza, pamodzi. Kumbuyo kwa lililonse lembani ndi pensulo chimene mwasintha, mtundu wa inki, ndi mmene kunja kunalili, kotentha kapena kozizira. Ziyaleni pa tebulo mwandondomeko, muyerekeze theka lakuda lija ndi timizere tija.

Nthawi zambiri lachiwiri kapena lachinayi ndi limene limatuluka bwino, lija simunawonjezere inki ngakhale dontho. Mapepalawo musataye, akhomeni pakhoma pafupi ndi galasi la inki, ndipo mukagula pepala latsopano kapena inki ya mtundu wina, bwerezani ndi kachidutswa komweko musanakhudze lino limene mwasema masiku awiri.